Henri Toivonen: Katswiri amene imfa yake inasintha mipikisano ya mamotoka

Pa 2 May 1986, motoka ya mtundu wa Lancia Delta S4 inaphonya kona pa mseu wa m'mapiri pa cisumbu ca Corsica, nigwera m'phompho ndi kuyaka moto. Anthu awiri amene anali m'katimo, a Henri Toivonen a ku Finland ndi navigeta wao a Sergio Cresto a ku America, anafera pomwepo. A Toivonen anali ndi zaka 29 cabe, ndipo pa nthawiyo ndiwo anali kutsogola pa mpikisano wa Tour de Corse.

Pasanapite nthawi, bungwe limene linali kuyang'anira mipikisano ya mamotoka pa dziko lonse, la FISA, linalengeza kuti mamotoka a gulu lochedwa Group B sadzaloledwanso kupikisana kuyambira m'caka ca 1987. Cigamulo cimeneci cinatseka nyengo imene okonda masewerawa ambiri amati inali yokoma koposa zonse, pamene ena amati inali nyengo yotaya miyoyo ya anthu mosasamala. Mtsutso umenewu ukali kupitiriza, ndipo dzina la malemu Toivonen silisowa pakati pake.

Kubadwa ndi ubwana

A Henri Pauli Toivonen anabadwa pa 25 August 1956 mumzinda wa Jyväskylä, pakati pa dziko la Finland. Mzinda umenewu ndiwo likulu la mpikisano wa 1000 Lakes Rally, umene masiku ano uchedwa Rally Finland. Miseu ya kumeneko ndi ya dothi losalala, yodutsa m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo ili ndi zitunda zimene zimaulutsa motoka m'mwamba ikafika pa liwiro lalikulu.

Atate ao, a Pauli Toivonen, anali woyendetsa wochuka. Iwo anatenga cikho ca ku Ulaya m'caka ca 1968 ndi motoka ya Porsche. Koma cimene anthu anali kuwakumbukira naco kwambiri ndi mpikisano wa Monte Carlo wa 1966. Pa mpikisanowo, mamotoka atatu a Mini amene anatsiriza patsogolo, pamodzi ndi Ford Cortina imene inali yacinai, anacotsedwa pa mndandanda cifukwa ca mtundu wa nyali zao. Motero cipambano cinapatsidwa kwa a Pauli, amene anatsiriza pa malo acisanu ndi Citroën. Cipambano cimeneco sicinawakomere mtima, ndipo cinakhala ngati banga pa dzina la banja lao kwa zaka 20.

Akulu anati make mbuu, mwana mbuu. Henri anaphunzira kuyendetsa motoka ali ndi zaka 5, ndipo mng'ono wake Harri nayenso anadzakhala woyendetsa wa m'mipikisano. Poyamba Henri anali kupikisana ndi timamotoka tating'ono ta ana, kenaka analowa mipikisano ya pa bwalo, mpaka anakhala katswiri wa Formula Vee m'dziko la Finland m'caka ca 1977. Kamotoka kake ka paubwana kanagulidwa ndi makolo a mnyamata wina dzina lake Mika Häkkinen, amene anadzatenga cikho ca Formula One kawiri, mu 1998 ndi 1999.

Banja linali kuda nkhawa ndi ngozi za pa bwalo, ndipo linamulimbikitsa kuti atsate mapazi a atate ake. Comweco Henri anatembenukira ku mipikisano ya m'miseu. Mpikisano wake woyamba wa cikho ca dziko lonse unali 1000 Lakes wa 1975, ali ndi zaka 19, koma motoka yake ya Simca inaonongeka panjira. Atabwerera mu 1977 anatsiriza pa malo acisanu ndi Chrysler Avenger, ndipo makampani anayamba kumuika diso.

Mipikisano ya masiku amenewo

Kuti munthu amvetse moyo wa a Toivonen, ayenera kudziwa mmene mipikisano inalili pa nthawiyo. Cikho ca dziko lonse cinayamba mu 1973 monga mpikisano wa makampani opanga mamotoka, ndipo cikho ca oyendetsa cinaonjezedwa mu 1979. Pa mpikisano wa mtundu umenewu mamotoka sanyamukira pamodzi. Iliyonse inyamuka payokha, ndipo nthawi imene yatenga pa cigawo ciriconse ca mseu wotsekedwa imalembedwa. Pomaliza amaonkhetsa nthawi zonse, ndipo amene watenga nthawi yocepa ndiye wapambana. Pambali pa woyendetsa pakhala navigeta, amene nchito yake ndi kuwerenga zolemba zofotokoza kona iliyonse isanaoneke.

M'zaka zimenezo mpikisano uliwonse unali ndi khalidwe lake-lake. Wa Monte Carlo unali kuyambira m'mizinda yosiyana-siyana ya ku Ulaya, ndipo unali kuthera m'mapiri usiku, pa phula losakanizika ndi madzi oundana. Wa ku Sweden unali wa pa cipale cofewa, ndi matayala okhala ndi tizitsulo tosongoka. Wa Acropolis ku Greece unali wa miyala ndi kutentha. Wa Sanremo ku Italy ndi wa ku Portugal unali kusakaniza phula ndi dothi pa mpikisano umodzi. Wa Safari ku Kenya unali kuyenda mtunda wa makilomita pafupi-fupi 5,000 m'miseu yosatsekedwa, pakati pa fumbi ndi matope a nyengo ya Pasaka.

Mpikisano wa RAC ku Britain unali ndi lamulo lake lapadera. Njira inali kusungidwa mwacinsinsi, ndipo oyendetsa sanali kuloledwa kuyesererako m'nkhalango pasadakhale. Navigeta anali kudalira mapu cabe, ndipo woyendetsa anali kudalira maso ake. Mpikisanowo unali kutenga masiku angapo, usana ndi usiku, m'mwezi wa November pamene kuli nkhungu, mvula ndi matope. Kugona kunali kwa maola owerengeka. Amakanika anali kuthamanga ndi mavani kukakumana ndi motoka yao m'mbali mwa mseu, ndi kuikonzera pomwepo.

Kupambana koyamba

M'caka ca 1980 a Toivonen analembedwa nchito ndi timu ya Talbot, kuyendetsa motoka ya Sunbeam Lotus. Anali mnyamata wa liwiro lodabwitsa, koma anali kudziwikanso ndi kutuluka mumseu kawiri-kawiri. Pamene mpikisano wa RAC unayamba mumzinda wa Bath, ndi ocepa amene anali kuwawerengera. Koma iwo, pamodzi ndi navigeta wao a Paul White, anagonjetsa a Hannu Mikkola ndi mphindi zoposa 4.

Pa tsikulo anali ndi zaka 24 ndi masiku 86, ndipo anakhala munthu wamng'ono koposa onse kupambana mpikisano wa cikho ca dziko lonse. Mbiri imeneyi inakhalapo zaka zoposa 27, kufikira pamene a Jari-Matti Latvala anapambana ku Sweden mu 2008 ali ndi zaka 22. Mu 2021 a Kalle Rovanperä anaitsitsanso popambana ku Estonia ali ndi zaka 20. Onse atatu ndi ana a dziko la Finland.

Mu 1981, ali ndi navigeta watsopano a Fred Gallagher, anatsiriza pa malo aciwiri ku Portugal ndi ku Sanremo. Mapointi ao pamodzi ndi a mnzao a Guy Fréquelin anapatsa Talbot cikho ca makampani, cinthu cimene ambiri sanali kuciyembekezera. Koma caka comweco kampani ya Audi inabweretsa motoka ya Quattro, imene inali kukoka ndi mawilo onse anai. Kuyambira pamenepo mamotoka okoka ndi mawilo a kumbuyo cabe anayamba kutsalira, maka-maka pa dothi ndi pa cipale cofewa.

Tsoka la a Toivonen linali lakuti kwa zaka zinai zotsatira anali kuyendetsa mamotoka a mtundu wotsalirawo. Mu 1982 ndi 1983 anali ku Opel, kumene anatsiriza pa malo acitatu ku Acropolis ndi ku RAC mu 1982, ndi kupambana mpikisano wa Manx mu 1983. Mu 1984 anayendetsa Porsche 911 pa cikho ca ku Ulaya, napambana mipikisano ingapo kuphatikizapo wa Costa Smeralda ndi wa Ypres. Vuto la msana linawagoneka kwa miyezi, ndipo cikho cinapita kwa a Carlo Capone, iwo natsiriza aciwiri. Caka comweco anayamba kuyendetsa Lancia 037 pa cikho ca dziko lonse, natsiriza pa malo acitatu kwao ku Finland.

Caka ca 1985 cinayamba moipa. Pa mpikisano wa Costa Smeralda, pa cisumbu ca Sardinia, motoka yao inagunda cipupa ndipo anathyoka mafupa a m'khosi. Ali mkati mocira, mnzao wa m'timu ya Lancia, a Attilio Bettega, anafa pa ngozi ku Tour de Corse pa 2 May 1985. A Toivonen anabwerera pa mseu m'mwezi wa August, natsiriza acinai ku Finland ndi acitatu ku Sanremo. Zaka zisanu zinali zitatsala pang'ono kukwana cipambanire ku Bath.

Mamotoka a Group B

Malamulo a Group B anayamba kugwira nchito mu 1982. Colinga cake cinali kukopa makampani ambiri mwa kufewetsa zofunika. Kampani inali kufunika kupanga mamotoka 200 cabe a mtundu umodzi kuti iloledwe kupikisana nayo, ndipo panalibe malire enieni pa mphamvu ya injini. Akatswiri a zopanga-panga anapatsidwa ufulu waukulu, ndipo anaugwiritsa nchito wonse. M'zaka zinai cabe mphamvu za mainjini zinakwera pafupi-fupi kawiri, pamene kulemera kwa mamotoka kunali kutsika.

Audi inapatsa a Mikkola cikho mu 1983 ndi a Stig Blomqvist mu 1984. Kenaka Peugeot inabwera ndi 205 Turbo 16, imene a Timo Salonen anatengera cikho ca 1985. Yankho la Lancia linali Delta S4. Injini yake inali pakati, kumbuyo kwa mipando, ndipo inali ndi zipangizo ziwiri zokankhira mpweya, supercharger yothandiza ponyamuka ndi turbo yothandiza pa liwiro lalikulu. Mphamvu yake inali yoposa 450 horsepower, koma motoka yonse sinali kufika tani imodzi. Thupi lake linali la mapaipi acitsulo okutidwa ndi pulasitiki yopepuka, ndipo mathanki a mafuta anali pansi pa mipando ya anthu.

Anthu anali kukhamukira ku mipikisano m'zikwi-zikwi. M'maiko ena monga Portugal, oonerera anali kuima pakati pa mseu, ndi kupatuka pamene motoka yafika kale pafupi. Ena anali kuyesa kuikhudza ndi dzanja pamene ili kudutsa. Oyendetsa anali kudutsa pakati pa makoma awiri a anthu, osaona kumene mseu wakhotera.

Delta S4 inaonekera koyamba pa cikho ca dziko lonse pa RAC ya November 1985, mpikisano wa zigawo zoposa 60 ndi makilomita pafupi-fupi 900 a liwiro. Motoka yatsopano kawiri-kawiri imaonongeka pa ulendo woyamba, koma iyi inapirira. A Toivonen ndi navigeta wao a Neil Wilson anapambana, ndipo mnzao a Markku Alén anatsatira pambuyo ndi masekondi 56. Oyendetsa ambiri anali kuiona motokayo ngati cilombo covuta kuweta, koma m'manja mwa a Toivonen inaoneka yomvera.

Caka ca 1986

Caka catsopano anaciyamba ndi navigeta wina, a Sergio Cresto, amene anabadwira ku New York. Pa mpikisano wa Monte Carlo m'mwezi wa January anali kutsogola pamene motoka ya munthu wamba inaombana ndi yao pa mseu wa pakati pa zigawo. Delta S4 inapindika kutsogolo, ndipo a Toivonen anapweteka m'ciuno. Amakanika anaiwongola mwamsanga mmene anathera, koma sinali kuyendanso mowongoka bwino. A Salonen anawapitirira. Ngakhale zinali tero, a Toivonen anabweza nthawi yonse imene inatayika, ndipo pomaliza anapambana ndi mphindi zoposa 4.

Zinali zaka 20 zenizeni cicitikire nkhani ya nyali ya 1966. Atate ao anaona kuti tsopano dzina la Toivonen layeretsedwa pa mseu womwewo umene linadetsedwa.

Ku Sweden injini inaonongeka ali patsogolo. Kenaka kunabwera Portugal m'mwezi wa March. Pa tsiku loyamba, pafupi ndi tauni ya Sintra, motoka ya Ford RS200 ya a Joaquim Santos inataya mseu ndi kulowa m'khamu la oonerera. Anthu atatu anafa ndipo oposa 30 anavulala. Oyendetsa a matimu akulu-akulu, a Toivonen ali pakati pao, anakumana ndi kugwirizana zoleka mpikisanowo, ponena kuti sangapitirize ngati palibe njira yoletsera anthu kuima pa mseu. Cenjezo linali litaperekedwa, koma kalendala inapitiriza monga mwa masiku onse.

M'mwezi wa April a Toivonen anapambana ku Costa Smeralda, pamalo pomwe anavulalira caka cathaco. Pa 1 May mpikisano wa Tour de Corse unayamba. Umenewu unali kuchedwa mpikisano wa makona 10,000, pakuti miseu ya ku Corsica ndi yopapatiza, ya phula, yokhala ndi thanthwe mbali ina ndi phompho mbali inayo. Zigawo zake zonse pamodzi zinali zoposa makilomita 1,000. A Toivonen anali kudwala cimfine ndi zilonda za pakhosi, koma anaumirira kuyendetsa, ndipo anali kupambana cigawo ndi cigawo. Pa tsiku laciwiri anali patsogolo pa a Bruno Saby a Peugeot ndi mphindi yoposa imodzi ndi theka.

Pa nthawi yopumula anadandaula kwa atolankhani kuti mamotoka amenewa ali ndi liwiro lopitirira muyeso pa miseu yotere, ndi kuti ubongo wa munthu sungathe kutsatira kwa maola ambiri cotero. Oyendetsa ena naonso anali kudandaula cimodzi-modzi.

Cakudza siciimba ng'oma. Pa cigawo ca 18, cocokera ku Corte kupita ku Taverna, pa kilomita ya 7, panali kona yokhotera kumanzere yopanda cochinga. Motokayo inapitirira, nigwera m'mitengo ya m'phompho. Thanki ya mafuta inabooka, ndipo moto unagwira thupi lonse la pulasitiki lija. Pamene othandiza anafika, panali patatsala mapaipi acitsulo okha-okha. Panalibe woyang'anira mpikisano pa kona imeneyo, ndipo motoka inapseratu kotero kuti ofufuza sanathe kutsimikiza ngati colakwa cinali ca makina kapena ca kutopa ndi kudwala kwa woyendetsa.

Tsikulo linali 2 May, caka cimodzi ceni-ceni cimwalirire a Bettega pa cisumbu comweco, ndipo mamotoka onse awiri anali ndi nambala 4. A Cresto anali ndi zaka 30. A Toivonen anasiya mkazi ndi ana ang'ono awiri, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda wa Espoo. Timu ya Lancia inacoka pa mpikisanowo, ndipo a Saby ndiwo analembedwa kuti apambana.

Zimene zinasintha

Mtsogoleri wa FISA, a Jean-Marie Balestre, anathetsa Group B ndi kufafaniza gulu lina latsopano la Group S limene linali kukonzedwa. Makampani a Audi ndi Ford anaimitsa matimu ao. Kumapeto kwa mwezi womwewo wa May, navigeta wina, a Michel Wyder, anafa pa ngozi ya Ford RS200 ku Germany. Cikho ca 1986 cinatengedwa ndi a Juha Kankkunen a Peugeot, ndipo mpikisano wotsiriza wa Group B pa cikho ca dziko lonse unali wa Olympus ku America m'mwezi wa December.

Kuyambira 1987 mipikisano inakhala ya mamotoka a Group A, amene kampani inayenera kupanga okwana 5,000 ogulitsa kwa anthu wamba. Mphamvu zinatsika, ndipo zigawo zinafupikitsidwa. Lancia inapindula ndi kusinthaku, pakuti inatenga cikho ca makampani zaka zisanu ndi cimodzi motsatizana, kuyambira 1987 mpaka 1992. Peugeot inatengera mamotoka ake ku mpikisano wa m'cipululu wa Paris-Dakar, kumene a Ari Vatanen anapambana mu 1987.

Kufupikitsa kumene kunayamba cifukwa ca citetezo kunapitirizidwa pa zifukwa zina, maka-maka ndalama ndi wailesi yakanema. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mipikisano inayamba kukonzedwa mozungulira malo amodzi okonzera mamotoka. Matimu anyamuka m'mawa, ayenda zigawo zingapo, abwerera masana kudzakonzetsa, ndipo madzulo abwereza zigawo zomwezo. Kuyenda usiku wonse kunatha. Kusakaniza phula ndi dothi kunasowa. Cinsinsi ca njira ya RAC cinacotsedwa mu 1990. Safari inacoka pa kalendala pambuyo pa 2002, ndipo pamene inabwerera mu 2021 inali ya m'miseu yotsekedwa kufupi ndi Naivasha, yofanana kutalika ndi inzake. Mpikisano wamba wa masiku ano uli ndi makilomita pafupi-fupi 300 a liwiro, gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda umene a Toivonen anali kuyembekezera ku Corsica.

Maganizo a okonda masewerawa

Apa ndi pamene okonda mipikisano agawikana. Gulu lina, maka-maka la amene anaona zaka za m'ma 1980 ndi maso ao, linena kuti mipikisano inataya mtima wake. Iwo akuti kale katswiri anali kuyesedwa m'njira zambiri: kupirira tulo, kusunga motoka kwa masiku asanu, kuwerenga mseu umene sanauonepo, ndi kusankha matayala popanda womuuza. Mmene aonera, mipikisano ikakhala ya muyeso umodzi, dziko liriconse likhala ngati linzake, ndipo cosiyana ndi mtundu wa dothi cabe. Pempho lao ndi lakuti okonza mipikisano apatsidwe ufulu, wina akhale ndi mpikisano wautali wa kupirira, wina waufupi wa liwiro, wina wa usiku.

Gulu lina liyankha kuti kukumbukira zakale kumaiwalitsa maliro. Iwo akumbutsa kuti m'miyezi 13 cabe, kuyambira May 1985 mpaka May 1986, masewerawa anataya a Bettega, oonerera atatu a ku Portugal, a Toivonen, a Cresto ndi a Wyder. Anenanso kuti mpikisano waufupi umapanikiza oyendetsa kuthamanga pa cigawo ciriconse, kotero kuti kusiyana pomaliza kumakhala kwa masekondi owerengeka, pamene kale kunali kwa mphindi. Malo amodzi okonzera mamotoka amalola banja lonse kukaona akatswiri pafupi, ndipo zigawo zocepa n'zosavuta kuziyang'anira ndi kufikako ndi ambulansi kapena helikopita.

Pali mfundo imodzi imene mbali zonse ziwiri ziyenera kuivomera. Mamotoka a masiku ano amadutsa makona mofulumira kuposa a Group B, cifukwa ca matayala, mabuleki ndi masipuling'i abwino. Comweco cimene cinacepa si liwiro ai, koma mwai wakuti ngozi ithere m'maliro. Thanki ya mafuta tsopano ndi yotetezedwa, mipando ndi zitsulo zozinga anthu zinalimbitsidwa, motoka iliyonse ili ndi cipangizo codziwitsa oyang'anira ikaima mwadzidzidzi, ndipo cigawo cimathetsedwa ngati oonerera aima pamalo oopsa. Mu 2020 a Ott Tänak anagubuduzika ndi motoka yao pa liwiro lalikulu ku Monte Carlo, koma iwo ndi navigeta wao anatuluka okha. Ngakhale zili tero, ngozi sinathe. Navigeta a Michael Park anafa ku Wales mu 2005, ndipo a Craig Breen anafa poyeserera ku Croatia mu 2023.

Oyang'anira masewerawa akhala ali kuyesa kubweza zokometsera popanda kubweza ngozi zakale. Mu 2011 anayambitsa Power Stage, cigawo cotsiriza cokhala ndi mapointi akeake. Mu 2021 anabweza Safari ndi Acropolis. Mu 2023 kunayamba mpikisano wodutsa maiko atatu, Germany, Austria ndi Czech Republic. Mu 2024 anaika mapointi apadera a tsiku la Sabata, kuti oyendetsa asamangoyenda mosunga malo pa tsiku lomaliza. Kusintha kulikonse kumalandiridwa ndi ena ndi kukanidwa ndi ena. Mpikisano wa Tour de Corse weni-weniwo unaonekera komaliza pa cikho ca dziko lonse mu 2019.

Cikumbutso

A Toivonen anapikisana pa mipikisano 40 ya cikho ca dziko lonse, napambana itatu: RAC ya 1980, RAC ya 1985 ndi Monte Carlo ya 1986. Sanatengepo cikho ca dziko lonse. Pa ciwerengero cabe, ambiri anawaposa. Koma zaka zao zambiri zinathera m'mamotoka osakwanira, ndipo pamene anapeza motoka yoyenera luso lao, anakhala nayo miyezi yosakwana isanu ndi umodzi. Pa mipikisano yonse ya cikho ca dziko lonse imene anatsiriza ndi Delta S4, palibe amene anawagonjetsa.

Mu 1988 a Michèle Mouton, mai amene anapikisana nao m'zaka za Group B, pamodzi ndi a Fredrik Johnsson, anayambitsa mpikisano wa Race of Champions, umene umasonkhanitsa akatswiri kuti apikisane ndi mamotoka ofanana. Woyamba unacitikira ku Montlhéry, kufupi ndi Paris, ndipo anapambana ndi a Kankkunen. Cikho ca wopambana cinachedwa Henri Toivonen Memorial Trophy.

Pa kona ija ya pakati pa Corte ndi Taverna pali mwala wa cikumbutso wolembedwa maina a Henri Toivonen ndi Sergio Cresto. Okonda mipikisano ocokera m'maiko osiyana-siyana amaima pamenepo ndi kusiya maluwa, maka-maka pa 2 May caka ndi caka.